Nawonso mabakiteriya amadwala: nkhondo ya m'ndowa ya madzi ndi tsogolo la mankhwala athu

Mvula ikangoyamba kugunda kuphiri la Mulanje, mitima ya anthu ambiri imakhala m'mwamba. Amene anaona za mu Marichi 2023 sangaiwale. Namondwe wa Freddy anagumula mapiri, miyala ndi matope zinatsika ngati Napolo, milatho inakokoloka, ndipo madera ngati Muloza anakhala masiku angapo osafikika pa galimoto. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Zimbudzi zinagwa, mijigo inakwiririka, mabanja anadzazana m'makalasi a sukulu. Zonsezi zinatipeza tili kale pakati pa mliri wa kolera woopsa kuposa wina uliwonse m'mbiri ya dziko lino, umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022, n'kudwalitsa anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700.

Mukatunga madzi mumtsinje wa Ruo kapena wa Thuchila nthawi ngati imeneyo, mumadziwa kuti mungakhale tizilombo toyambitsa matenda. Chimene mwina simunamvepo n'chakuti m'ndowa momwemo muli nkhondo. Mabakiteriya amene amatidwalitsawo ali ndi adani awo, amene amawasaka ndi kuwapha usana ndi usiku. Ndipo mabakiteriyawo sangokhala manja lende, ali ndi zishango. M'zaka zochepa zapitazi asayansi ayamba kuona maonekedwe enieni a zishangozo, ndipo chimodzi mwa izo anachipeza mu kachilombo kochokera m'magazi a mwana wa ku Blantyre kuno.

Nkhaniyi ikukukhudzani pa chifukwa chimodzi: mankhwala amene timadalira pa matenda a mabakiteriya akuchepa mphamvu, ndipo adani a mabakiteriyawa ndi amodzi mwa zinthu zimene madokotala akuyang'anako. Koma kuti athandize, ayenera kupyola zishangozo.

Mdani wa mdani wanu

Tiyambe ndi kusiyanitsa, chifukwa m'Chichewa zonse timangoti tizilombo. Bakiteriya ndi kachilombo kamoyo pakokha, kamadya ndi kuswana. Kolera, tayifodi ndi TB zimayamba ndi mabakiteriya. Vairasi ndi kakang'ono kwambiri kuposa bakiteriya, ndipo sikangaswane pokhapokha katalowa m'chamoyo china. HIV ndi chikuku ndi mavairasi a anthu. Chisaka chimene chinamaliza nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi vairasi ya zomera.

Tsono palinso mavairasi a mabakiteriya. Asayansi amawatchula kuti bacteriophage, kutanthauza chodya mabakiteriya, ndipo mwachidule amati phage. Ife pano tiziti feji. Feji siingalowe m'maselo a munthu n'kuswana. Imatera pa bakiteriya, n'kumubaya ngati jakisoni, n'kulowetsa DNA yake, yomwe ndi malangizo a kapangidwe kake. Bakiteriya uja amasanduka fakitale yopanga mafeji atsopano, ndipo nthawi zambiri pasanathe ola limodzi amaphulika, mafeji makumimakumi n'kutuluka kukasaka ena. Mafeji ali paliponse: m'mitsinje, m'nthaka, m'ngalande za zonyansa, ngakhale m'matumbo mwanu pamene mukuwerenga nkhaniyi.

Izi si zatsopano. Frederick Twort anaziona mu 1915 ku England, Félix d'Herelle mu 1917 ku Paris, ndipo d'Herelle yemweyo anayesapo mafeji pa odwala kolera ku India cha m'ma 1927. Ku Tbilisi m'dziko la Georgia kuli malo otchedwa Eliava Institute amene akhala akuchiza ndi mafeji kuyambira m'ma 1920. Mayiko ambiri anazisiya penisilini atabwera, chifukwa jakisoni mmodzi ankapha mabakiteriya amitundumitundu, pamene feji imasankha. Feji ya kolera siikhudza tayifodi. Nthawi zina siikhudza ngakhale kolera wa mtundu wina.

Chimene chawabwezera m'maso mwa anthu mukuchidziwa, ngakhale simunachitche dzina. Ndi pamene mwana wamwa amokisilini mpaka botolo latha koma thupi likutenthabe. Kafukufuku amene Patrick Musicha ndi anzake anatulutsa mu 2017, ataunika magazi a odwala ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anapeza kuti pakati pa 2003 ndi 2016 mabakiteriya a E. coli osamva mankhwala amphamvu a gulu la ceftriaxone anakwera kuchoka pa osakwana 1 peresenti kufika pa 30 peresenti. Mabakiteriya a Klebsiella, amene amasautsa kwambiri makanda, anachoka pa 12 peresenti kufika pa 90 peresenti. Ceftriaxone ndi jakisoni amene zipatala zathu za m'maboma zimathamangira wodwala akafika ali kayakaya. Pa dziko lonse, mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo mu Seputembala 2024 atsogoleri a mayiko ku United Nations analonjeza kuchepetsa imfa zokhudzana ndi vutoli ndi 10 peresenti pofika 2030. Lonjezo ndi lonjezo. Pa wodi ya ana chofunika ndi mankhwala ogwira ntchito.

Chishango cha ku Blantyre

Mu 2004, ku Queen Elizabeth, anatenga magazi a mwana wina wamng'ono amene ankadwala kwambiri. M'magazimo munapezeka bakiteriya wa Salmonella Typhimurium. M'mayiko a ku Ulaya bakiteriyayu amangotsegulitsa m'mimba masiku angapo. Kuno kuli mtundu wake wina wotchedwa ST313 umene umalowa m'magazi, makamaka mwa ana amene ali ndi malungo, ochepa magazi kapena onyentchera, komanso mwa akuluakulu amene chitetezo chawo chatsika chifukwa cha HIV. Zizindikiro zake zimasokoneza, chifukwa nthawi zambiri ndi kutentha thupi chabe, ngati malungo. Mwa odwala asanu alionse, pafupifupi mmodzi amamwalira.

Bakiteriya wa mwana uja anamusunga m'firiji, n'kumupatsa nambala yakuti D23580. Kudzera m'ntchito ya Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, lero nambala imeneyi imadziwika m'malabotale a mayiko ambiri, chifukwa ndi amene asayansi amagwiritsa ntchito akafuna kumvetsa Salmonella wa mu Africa.

Atawerenga DNA yake yonse, anapeza kuti m'kati mwake muli mafeji ogona. Apa pakufunika kufotokoza. Si mafeji onse amene amapha pompopompo. Ena akalowa amasokerera DNA yawo pa DNA ya bakiteriya n'kukhala phee, ngati mlendo amene wapempha malo n'kumanga nyumba. Bakiteriya akamaswana, mlendo uja amaswana naye limodzi. Imodzi mwa mafeji ogona mu D23580 anaitcha BTP1, ndipo zilembo ziwiri zoyambazo zikuimira Blantyre.

BTP1 imapangitsa bakiteriya kupanga puloteni yotchedwa BstA. Poyamba ofufuza ena ankaganiza kuti ntchito ya puloteniyi ikukhudza ukali wa matenda mwa munthu. Mu 2021, Siân Owen ndi anzake a m'gulu la Jay Hinton ku University of Liverpool ndi la Michael Baym ku Harvard anaonetsa kuti BstA ndi chishango. Feji yachilendo ikabaya bakiteriya, BstA imathamangira pamene pali DNA ya mlendoyo n'kuilepheretsa kuchulukana. Anaziona ndi maso pa makina oonera tinthu tating'ono, ataipaka puloteniyo chizindikiro chowala. Bakiteriya wobayidwayo amafabe, koma amafa osatulutsa mafeji atsopano, choncho abale ake onse oyandikana naye amapulumuka.

Mlimi wa nthochi ku Mulanje sangavutike kumvetsa zimenezi. Alangizi atabwera ndi uthenga wa chisaka, sanati thirani mankhwala, chifukwa palibe mankhwala ochiza nthochi yogwidwa. Anati zulani phata lonse kuti munda upulumuke. Bakiteriya amachita chimodzimodzi, kungoti amadzizula yekha.

Chodabwitsa chili apa. Nanga BTP1 mwini wakeyo akafuna kudzuka ndi kutuluka, chishango chakecho sichimutsekereza? Ayi. Ofufuzawo anapeza kuti BTP1 ili ndi kachidutswa kakafupi ka DNA, kamene anakatcha aba, komwe kamaziziritsa BstA. Mlendo uja wamanga mpanda kuzungulira mudzi wonse kuti alendo ena asalowe, kiyi wa pageti n'kusunga m'thumba mwake. Kwa dokotala amene akufuna kuchiza mwana ndi feji, tanthauzo lake n'losavuta: feji imene mwasankha ikapanda kukhala ndi njira yopyolera BstA, mwataya nthawi, ndipo wodwala matenda a m'magazi alibe nthawi yotaya.

Chaka chomwecho cha 2021, gulu lina logwira ntchito ndi Hinton linalengeza kuti lapeza mafeji 32 m'madzi a ku Malawi ndi a ku United Kingdom amene amatha kugwira Salmonella wa mitundu yolowa m'magaziyi. Ena mwa iwo anagwira mabakiteriya onse amene anawayesa, ena anagwira ochepa. Amenewa si mankhwala panobe, ndi zoyesera mu labotale. Koma zikusonyeza kuti zipangizo zake zili m'madzi athu omwewa.

Maonekedwe ndiwo ntchito

Mwina mukufunsa kuti maonekedwe a puloteni akubwera bwanji pa nkhaniyi. Puloteni ili ngati chingwe cha mikanda ya mitundu 20, chimene chimadzipindapinda mpaka kukhala ndi thupi lakelake, la mapanga, timipata ndi tizigoba. Ntchito yake imachokera pa thupi limenelo, monga momwe khasu ndi chikwakwa zonse zili zachitsulo koma chimodzi chimalima, china chimatchetcha. Mukadziwa mndandanda wa mikanda yokha, muli ngati munthu amene wauzidwa kulemera kwa chitsulo koma sanaone chida. Mukaona mmene yapindikira, mumadziwa pamene imagwira, chimene imagwira, ndi pamene mungaitsekere.

Kuona kwake n'kovuta, chifukwa puloteni ndi yaing'ono kwambiri moti makina wamba a mu labotale ya chipatala sangaionetse. Njira yakale ndi kuiumitsa kuti ikhale ngati kamchere, n'kuiwomba ndi X-ray, kenako n'kuwerengera maonekedwe ake potengera mmene kuwala kwamwazikira. Njira yatsopano, imene inapatsa anthu atatu mphoto ya Nobel mu 2017, ndi kuiziziritsa mwadzidzidzi m'madzi oundana n'kuijambula zithunzi zikwizikwi ndi makina a ma electron, kompyuta n'kuziphatikiza. Ndipo tsopano kuli pulogalamu ya AlphaFold imene imalosera maonekedwe kuchokera pa mndandanda wa mikanda, yomwe eni ake Demis Hassabis ndi John Jumper analandira nayo Nobel mu 2024. Zolosera za AlphaFold zili pa intaneti kwaulere. Zimenezi n'zofunika kwa ife: makina oziziritsa aja amagulidwa ndi madola mamiliyoni, koma wophunzira wa ku KUHeS kapena ku MUST ku Thyolo amene ali ndi laputopu ndi bando yokwanira atha kuona maonekedwe a puloteni ya kachilombo ka kwawo.

Chitsanzo chokoma kwambiri cha phindu la kuona maonekedwe chikuchokera kwa kolera yemweyo.

Belu la kolera

Kolera amene akuvutitsa dziko lapansi lero ndi wa mliri wachisanu ndi chiwiri, umene unayambira ku Indonesia mu 1961, n'kufika mu Africa mu 1970 ndi ku Malawi mu 1973. Bakiteriya wake, Vibrio cholerae wa mtundu wa El Tor, ali ndi zidutswa zina za DNA zimene makolo ake analibe. Mu 2012 gulu la John Mekalanos ku Harvard linapeza kuti m'chidutswa chimodzi muli puloteni yotchedwa DncV, imene imapanga kamolekyu kakang'ono konga mphete. Ntchito yeniyeni ya kamphetako sinadziwike msanga.

Mu 2013 Zhijian Chen ku Texas anapeza puloteni ina m'maselo a anthu, yotchedwa cGAS. Imeneyi ndi mlonda. Ikaona DNA pamalo osayenera m'selo, monga vairasi ikalowa, imapanga kamphete kofanana kwambiri ndi ka kolera kaja, ndipo kamphetako kamadzutsa chitetezo cha thupi. Mukayerekeza mndandanda wa mikanda wa DncV ndi wa cGAS, simungaone ubale, n'zosiyana kutalitali. Koma mu 2014 Philip Kranzusch ndi anzake atajambula maonekedwe a DncV, anapeza kuti yapindika ngati cGAS, phanga lake lili pamalo omwewo. Ndi ngati anthu awiri a maina osiyana, a zilankhulo zosiyana, koma mukawaona nkhope mumangodziwa kuti awa ndi a mtundu umodzi.

Mu 2019 gulu la Rotem Sorek ku Weizmann Institute ku Israel linamaliza nkhaniyo. DncV ndi belu. Feji ikalowa, belu limalira, ndiye kuti kamphete kaja kapangidwa. Kamphetako kamakalowa m'phanga la puloteni ina yotchedwa CapV, monga kiyi m'loko, ndipo CapV imayamba kusungunula khungu la bakiteriya mwini wake. Bakiteriya amafa feji isanamalize kuswana. Ndi kuzula phata la nthochi kuja. Dongosolo lonseli analitcha CBASS, ndipo lapezeka m'mabakiteriya ambirimbiri. Zikusonyeza kuti mbali ina ya chitetezo chimene chili m'thupi mwanu, chimene chimakumenyerani nkhondo mukagwidwa ndi vairasi, mizu yake ili m'nkhondo yakalekale ya mabakiteriya ndi mafeji.

Pali kanthu kena kamene kangakusangalatseni ngati munamwapo Bactrim, ndipo ndani sanamwepo? Ofufuza ena atajambula DncV mu 2014 anapeza kuti m'mbali mwake mwakanirira kamolekyu ka gulu la folate, kamene kamagwira belu lija kuti lisalire chisawawa. Bactrim amagwira ntchito poletsa bakiteriya kupanga folate. Mu 2024 gulu la Ana Rita Brochado ku Germany linaonetsa kuti mankhwala a gulu limeneli amaliza belu la CBASS mwa kolera ngakhale palibe feji, ndipo bakiteriya amathandiza kudzipha yekha. Musathamangire kugolosale ndi nkhaniyi. Izi zinaoneka mu labotale, ndipo kolera wambiri amene akuzungulira masiku ano samva Bactrim. Koma zikutsegula ganizo lina: mankhwala a mtsogolo atha kupangidwa kuti alize dala belu la bakiteriya. Popanda kuona maonekedwe a puloteniyo, palibe akanaganiza zimenezo.

Zishango zodziwika tsopano zapitirira 100. Gulu la Sorek litapeza zingapo nthawi imodzi mu 2018, linazipatsa maina a milungu yoteteza ya mitundu yosiyanasiyana, monga Thoeris wa ku Egypt, Gabija wa ku Lithuania ndi Zorya wa Asilavo. Ziwiri zakale kwambiri zinasintha kale zachipatala. Michere yodula DNA ya feji, imene inabweretsa Nobel ya 1978, ndi imene inatsegula njira yopangira insulin ya odwala shuga m'mabakiteriya. CRISPR, imene ofufuza a kampani yopanga mabakiteriya a yogati anatsimikiza mu 2007 kuti ndi chishango, lero ndi lumo lokonzera DNA, ndipo mu Novembala 2023 dziko la United Kingdom linavomereza chithandizo cha matenda a sickle cell chochokera pa lumo limeneli. Mtengo wake ku America ndi madola oposa 2 miliyoni pa munthu mmodzi. Kwa mayi wa ku Chonde amene mwana wake amagonekedwa mwezi ndi mwezi ndi matendawa, imeneyo ndi nkhani ya kumwamba. Ndi chifukwa chake sitiyenera kutengeka ndi mawu akuti zapezeka, osafunsa kuti zifika kwa yani.

Mafeji nawo sagona

Chishango chilichonse chili ndi mkondo wake. Mu 2022 gulu la Kranzusch linaonetsa kuti mafeji ena ali ndi puloteni yotchedwa Acb1 imene imadula kamphete kaja kasanafike kwa CapV. Belu lalira koma palibe wamva. Ena ali ndi Acb2, imene siidula koma imamwa timphete tonse ngati siponji. Zithunzi zake zimaonetsa bwino timapanga timene timphete timakodwamo. Apa ndi pamene phindu la zachipatala lili pafupi kwambiri: mukadziwa zishango za bakiteriya amene wadwalitsa munthu, mutha kusankha feji imene ili ndi mkondo woyenera, kapena kuiwonjezera mkondowo.

Ku Bangladesh, kumene kolera amabwera chaka ndi chaka, nkhondoyi aitsatira kwa nthawi yaitali. Mu 2005 Shah Faruque ndi anzake ku Dhaka anaona kuti mafeji a kolera akachuluka m'madzi, mliri umayamba kutsika. Feji yodziwika kwambiri kumeneko ndi ICP1, ndipo Kimberley Seed anapeza mu 2013 kuti fejiyi ili ndi CRISPR yakeyake, imene imadulira chishango china cha kolera. Kafukufuku wa mu 2024 wa odwala a ku Bangladesh komweko anapeza kuti amene anali ndi mafeji ambiri poyerekeza ndi mabakiteriya m'chimbudzi chawo sankafika pa kutha madzi m'thupi koopsa ngati anzawo. ICP1 yapezekanso kum'mawa kwa DR Congo, ndiye si nkhani ya ku Asia kokha.

Koma pano ndikufuna muchenjere, chifukwa nkhani za mafeji zikafika pa WhatsApp zimasanduka zozizwitsa. Choyamba, si mafeji onse amene ali abwenzi athu. Poizoni amene amachititsa munthu wa kolera kutsegula m'mimba ngati madzi otsukira mpunga, malangizo ake anabwera ndi feji yogona yotchedwa CTX, monga anaonetsera Matthew Waldor ndi Mekalanos mu 1996. Vibrio wopanda mlendo ameneyu sayambitsa mliri. Chachiwiri n'choopsa kwambiri. Mu 2021 gulu la Seed linaonetsa kuti kolera ali ndi chidutswa cha DNA chotchedwa SXT chimene chimadumpha kuchoka kwa bakiteriya wina kupita kwa wina, ndipo m'chikwama chimodzi chomwecho muli zishango za mafeji pamodzi ndi malangizo okanira mankhwala. Feji ikaukira, chikwamacho chimadumpha mowirikiza. Ndiye kumwaza mafeji mwachisawawa kungathe kufalitsanso kusamva mankhwala kumene tikuthawako.

Izi zikutikhudza mwachindunji. Chrispin Chaguza, Mmalawi, pamodzi ndi anzake a ku KUHeS ndi ku Public Health Institute of Malawi, anawerenga DNA ya kolera wa mliri wa 2022 ndi 2023, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2024. Anapeza kuti wambiri anali wa nthambi yotchedwa AFR15, yapachibale ndi kolera wa ku Asia, ndipo anali ndi chikwama cha mtundu wa SXT. Kolera amene anadzaza matenti m'zipatala zathu anabwera atavala zida.

Nanga kuchipatala cha boma ku Mulanje?

Yankho loona ndi lakuti musayembekeze kupeza feji pa windo la mankhwala chaka chino kapena chamawa. Ngakhale m'mayiko olemera, mafeji amaperekedwa kwa wodwala mmodzimmodzi amene mankhwala onse amukana. Ku Belgium, kumene malamulo amalola zimenezi kuyambira 2018, madokotala anaunika odwala 100 ndipo mu 2024 analengeza kuti pafupifupi 77 mwa 100 anapezako bwino. Anapezanso kuti bakiteriya ankatheratu kwambiri pamene feji inaperekedwa limodzi ndi mankhwala, osati payokha. Komabe amenewa sanali mayeso oyerekeza magulu awiri a odwala, ndipo mayeso otere amene achitika mpaka pano sanapereke yankho lomveka bwino. Komanso kuti muchize munthu ndi feji, muyenera kaye kumera bakiteriya wake mu labotale n'kumuyesa ndi mafeji osiyanasiyana. Zipatala zathu zambiri za m'maboma sizimera n'komwe mabakiteriya a m'magazi tsiku ndi tsiku. Mpata waukulu uli pamenepo, osati pa kusowa kwa mafeji.

Choncho munthu wina akakutsatsani botolo ati muli mafeji, kapena akakuuzani kuti madzi a mumtsinje amadziyeretsa okha chifukwa muli adani a kolera, mukaneni. Mafeji analipo mu Ruo nthawi ya Freddy, analiponso m'nyanja pamene kolera ankapha anthu ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay, koma anthu anafa. Kolera amatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa, ndipo chimene chimapulumutsa ndi madzi: thanzi ORS kuyambira kunyumba, kumwa m'njira yonse, ndi dripi kuchipatala. Ndi chithandizo chofulumira, omwalira sakwana mmodzi pa 100. Mu mliri wathu uja anali pafupifupi atatu pa 100, ambiri chifukwa chofika mochedwa. Klorini wa m'ndowa, chimbudzi, sopo ndi katemera wa kolera akabwera m'dera lanu, ndizo zida zimene zilipo lero. Pa tayifodi pali katemera amene anayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, amene anateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 alionse, ndipo boma linayamba kumupereka m'dziko lonse mu Meyi 2023.

Pali chinthu chimodzi cha m'nkhondo ya mafejiyi chimene chikugwira kale ntchito pa inu. Kafukufuku wa Eric Nelson ndi anzake wa mu 2020 anapeza kuti wodwala kolera akakhala ndi feji ya ICP1 m'mimba, kapena akakhala kuti wamwa kale mankhwala opha mabakiteriya asanafike kuchipatala, zoyezera zimatha kusonyeza kuti alibe kolera pamene ali naye. Mabakiteriya aphulika kapena afooka, choyezera sichikuwaona, koma munthu akutha madzi. N'chifukwa chake akuchipatala amayamba kuthandiza potengera zizindikiro, osadikira zotsatira. Inuyo mukawathandiza powauza zoona: ngati munagula makapisozi pamsika wa Limbuli kapena m'golosale, nenani dzina lake, kuchuluka kwake ndi tsiku limene munamwa, ndipo ngati pepala lake lilipo, litengeni.

Kumbali ya boma ndi ofufuza, ntchito imene ingatheke msanga siifuna makina a mamiliyoni. DNA ya kolera, tayifodi ndi Salmonella ikuwerengedwa kale ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mapulogalamu aulere monga DefenseFinder ndi PADLOC amatha kuunika DNA yomweyo n'kutchula zishango zodziwika kale zimene bakiteriya ali nazo. Chotsala ndi zoyesa zochokera m'maboma. Boma ngati Mulanje, la anthu oposa 680,000 malinga ndi kalembera wa 2018, kumene anthu amawoloka tsiku ndi tsiku pakati pa Muloza ndi Milange ku Mozambique kukagula, kukagulitsa ndi kukalandira chithandizo, ndi malo amene mtundu watsopano wa kachilombo ungaonekere msanga. Mlangizi wa zaumoyo kapena namwino akakupemphani chimbudzi kapena magazi a wodwala kuti akayezedwe, ena amakana poopa mphekesera za opopa magazi. Kabotolo kameneko ndi kamene kamauza madokotala mankhwala amene akugwirabe ntchito m'dera lanu, ndipo D23580 uja anachokera m'kabotolo kotero mu 2004.